Kambale ka Sex Pistols kamene A&M inaphwanya, kodi aka ndatola ine nkenikeni?

Wa ku Leeds: Anthu a pagulu pano, makamaka inu madala okonda nyimbo zakale, ndithandizeni ndisanapenge. Lamulungu lapitali ndinapita ku msika uja azungu amagulitsira katundu wakale m'mabuti a galimoto, kaunjika wa kuno basi, ine ndimafuna ka hita chifukwa kuzizira kwayamba. Nde pa tebulo lina panali katoni yodzadza timbale ta galamafoni, tating'ono tija ta nyimbo imodzi mbali iyi ina mbali inayo, ndinangotolamo kamodzi chifukwa dzina linandiseketsa, Sex Pistols, nyimbo yake God Save the Queen, pakati palembedwa A&M Records ndi nambala AMS 7284. Mdala wake anati mapaundi 20, ine ngati mwana wa pa Ndirande ndinanenerera mpaka 15. Kufika kuntchito kumuonetsa mnzanga wachizungu chithunzi chake, munthu maso tong'o, akuti ngati kali korijino ndiye ndagula galimoto ndi mapaundi 15. Zoona zimenezi kapena akungondiseweretsa?

DJ Kabaza: Aise hita ija unagula koma? kkkk

Wa ku Leeds: Ayi ndalama inathera pa kambale, ndikugona ndi jekete

Nachisale: Achimwene mwasiya hita mwagula pulasitiki, kunyumba mulibe ngakhale galamafoni yoti muyikepo. Koma amuna inu.

Gogo Galamafoni: Mwana wanga, choyamba usakapukute ndi chinsanza kapena malovu, kaike penapake koimirira, kutali ndi moto. Chachiwiri usayambe kusankha mtundu wa galimoto. Mnzakoyo sakunama, kambale kameneka ka A&M ndi kamodzi mwa timbale todula kwambiri ku Britain konseko, mu 2019 kena kanagulitsidwa pa okushoni mapaundi 13,000. Koma pa chifukwa chomwecho tafeki take ndi tambirimbiri, mwina kuposa nsabwe. Ndifika kunyumba ndikufotokozereni bwinobwino, pano ndili pa mzere ku banki.

Wa ku Joni: 13,000 ya mapaundi?? pa nyimbo imodzi yoti ili pa YouTube yaulere? Azungu ndalama zawasowetsa chochita eti

Nachisale: Sakugula nyimbo, akugula kusowa kwake. Monga stampa yakale.

Gogo Galamafoni: Ndafika. Nachisale walasa. Nkhani yake kuti imveke tiyambire kumbuyo pang'ono chifukwa A&M sinali kampani yoyamba kuwathamangitsa anyamata amenewa. Bandi iyi inali ya ku London, woimba John Lydon amene ankadzitcha Johnny Rotten, Steve Jones pa gitala, Paul Cook pa ng'oma, Glen Matlock pa besi, manijala wawo Malcolm McLaren yemwe anali ndi sitolo ya zovala pa King's Road limodzi ndi Vivienne Westwood. Mu Okutobala 1976 anasainira kampani yojambula nyimbo ya EMI kontirakiti ya mapaundi 40,000, pa 26 Novembala natulutsa singo yoyamba, kambale kakang'ono ngati kakoko, Anarchy in the U.K. Patangopita masiku asanu, pa 1 Disembala, anaitanidwa pa pulogalamu ya madzulo ya Today pa Thames Television, ndipo anangolowa m'malo mwa bandi ya Queen imene inalephera kubwera. Wofunsa mafunso Bill Grundy anayamba kuwaputa, kuwauza kuti anene chilichonse chonyansa, Steve Jones sanachedwe, anamutukwana pa kanema anthu akudya mgonero ndi ana awo. Mawa lake nyuzi zonse nkhani inali imeneyo, makonsati ambiri amene anakonza mwezi umenewo anathetsedwa, ogwira ntchito ena pa fakitale ya EMI ku Hayes anakana kulongedza timbale tawo, ndipo kumayambiriro kwa Januwale 1977 EMI inawachotsa nkusiya kugulitsa singo ija ili pa nambala 38 pa tchati cha nyimbo zogulidwa kwambiri. Ndalama anapita nazo.

DJ Kabaza: Ndiye kuti kutukwana kunawalipira bwino kuposa kuimba kkkk

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Ine apa ndiye sindikuonapo chosekerera. Ana opanda mwambo kutukwana munthu wamkulu pagulu, kenako dziko nkumawapembedza mpaka lero. Kwathu kuno mwana wotere akuluakulu akanamukhazika pansi.

Nachisale: Aphunzitsi, wamkuluyo ndi amene anawayamba, kanema wake alipo kaonereni. Ndipo naye anaimitsidwa ntchito, pulogalamuyo sinakhalitsenso.

Gogo Galamafoni: Tiyeni tifike pa kambale ka mnyamatayu. Mu Febuluwale Matlock anachoka mu bandi, iye ndi amene ankadziwa kupeka nyimbo ndipo God Save the Queen anathandiza nawo kulemba, m'malo mwake munalowa mnzake wa Rotten, Sid Vicious, amene besi sankaidziwa nkomwe koma maonekedwe ndi chipongwe anali nazo zodzadza dengu. Kenako A&M inawatenga. Tsono muidziwe A&M, eni ake anali a ku America, Herb Alpert woimba lipenga uja ndi Jerry Moss, ndi pamene pachokera A ndi M, ndipo oimba ake anali anthu ofatsa, The Carpenters, Peter Frampton, Supertramp, nyimbo zomvera uli pa mpando wa ndalema. Bwana wa nthambi ya ku London, Derek Green, anakopeka nawo anyamatawa. Pa 10 Malichi 1977 anaika tebulo panja pa Buckingham Palace, nyumba ya Mfumukazi ya Britain, atolankhani atadzadza, nkusaina kontirakiti pamenepo, ngakhale kusaina kwenikweni kunali kutachitika kale dzulo lake, apa kunali kungojambulitsa. Atachoka apo anapita ku ofesi ya A&M ataledzera chodziwika, kuvutitsa ogwira ntchito, Sid kuphwanya chimbudzi mpaka kudzicheka phazi magazi mbwee mu ofesi ya eni. Pasanathe masiku kunabukanso ndewu ku kalabu ya Speakeasy kumene anaopsezedwa Bob Harris, muulutsi wodziwika wa BBC. Pa 16 Malichi A&M inati basi zatikwana. Masiku 6 okha chisainireni. Koma nthawi imeneyo fakitale inali itadinda kale timbale 25,000 ta God Save the Queen tikungodikira kupita m'masitolo, ndipo lamulo linatuluka loti tiphwanyidwe tonse. Timene tinapulumuka ndi towerengeka, tina anthu anabisa, tina tinakhala mu kabati ya kampani mpaka 1998 pamene ofesi ya ku London inatsekedwa, mabwana ochepa nkupatsidwa kamodzikamodzi ngati mphatso yotsanzikana. Ndiye kambale kameneka sikanagulitsidwepo pa kauntala ya sitolo olo tsiku limodzi.

Wa ku Joni: Dikirani madala, anawalipiranso a A&M?

Gogo Galamafoni: Mapaundi 75,000.

Wa ku Joni: Shaa. Ntchito ya masiku 6, ntchito yakenso kuphwanya toileti. Ine ndagwira zaka 9 kuno ku Johannesburg sindinaione ndalama yotero

DJ Kabaza: Manijala ameneyo ndikumufuna, andisainitse penapake andithamangitse mawa

Nachisale: Komatu ine pamene ndimakaika mpamenepo. Zonsezi sizinali zokonza McLaren? Munthu wogulitsa zovala, akudziwa kuti mbiri yoipa imagulitsa malaya. Kusainira pa geti la Mfumukazi chaka chimene akukwanitsa zaka 25 ali pampando, nyimbo nkuipatsa dzina la nyimbo ya fuko, zimenezo sizingochitika mwangozi ayi.

Gogo Galamafoni: Mbali ina ukunena zoona mwana wanga, McLaren mwini wake pambuyo pake ankakonda kudzitama kuti zonse anakonza ndi iye, kuti anawadyera makampani masuku pamutu dala. Koma ine sindimukhulupirira kwathunthu, amalankhula ngati mlenje amene nyama yagwera yokha m'mbuna nkumati ndinaiwinga. Taganiza, pofika pakati pa Malichi anali ndi bandi yopanda kampani, yoletsedwa kuimba m'matauni ambiri, nyimbo yawo yabwino kwambiri yaphwanyidwa, zikondwerero za Mfumukazi zikuyandikira, makampani akuluakulu onse akuwathawa ngati akhate. Munthu wokonza mapulani sangadziike pa ngodya yotero. Dzina lokhalo ndiye inde, nyimboyi poyamba ankaitcha No Future, ndipo anyamatawo akhala akunena kuti sanailembere zikondwererozo.

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Kodi mawu ake amati chani kwenikweni kuti mpaka dziko lonse lidzidzimuke? Ndayesa kumvera koma ndi phokoso lokhalokha, munthu akukuwa ngati waponda khala.

Nachisale: Mwachidule akufanizira ufumu wa Britain ndi boma lankhanza lopondereza anthu, akuti Mfumukazi asamaonedwe ngati munthu wamba koma chinthu chokopera alendo obweretsa ndalama, ndipo achinyamata osauka tsogolo alibe. Muganize nthawi yake aphunzitsi, ntchito kusowa, mitengo kukwera, boma la Britain linali litangopita kukapempha ngongole ku IMF mu 1976, inde Britain yomweyi, osati ife tokha kkk. Ndiye wina akuti tiyeni tipachike mbendera tidye makeke mumsewu, mwana wa ku ma fulati a khonsolo akuti tikondwerere chani.

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Kudandaula nkololedwa koma pali kanenedwe. Nyimbo ya fuko ndi pemphero. Makolo athu ankaimba God Save the Queen yeniyeniyo pa sukulu nthawi ya Nyasaland tisanakhale ndi Mlungu Dalitsani Malawi, ndipo ndikuuzeni wina atatenga dzina la nyimbo yathu ya fuko nkuikamo chipongwe nonsenu mungakwiye.

Wa ku Joni: Zitengera chipongwecho akunena ndani aphunzitsi, tisayambe kkkk

Gogo Galamafoni: Aphunzitsi akumbutsa nkhani. Ife mu 1977 kuno zimenezi sitinazimve olo pang'ono, wailesi inali MBC yokha, kanema kunalibe, mbale iliyonse yolowa m'dziko imadutsa ku Censorship Board. Ngati Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha dzina chabe lofanana ndi la Mama, nanga iyi yonyoza Mfumukazi, Kamuzu mmene ankaikondera Britain muja? Akanakumanga nayo galamafoni yomwe. Mfumukaziyo anabwera kuno mu Julaye 1979 tinakaima m'mbali mwa msewu ndi timbendera, sitinkadziwa kuti kwawo kuli ana ena anamuika pini pamlomo pa chithunzi. Ine ndinadzaimva nyimboyi mochedwa kwambiri pa kaseti ya mnzanga wina wochokera ku sukulu kunja, tinatseka mawindo kaye.

DJ Kabaza: Ndipo Rotten akanatera pa Chileka ndi malaya ong'ambika omanga ndi mapini aja akanabwerera pa ndege yomweyo

Wa ku Leeds: Abale mwaiwala kuti pali munthu akudikira kudziwa ngati walemera. Madala pitirizani, nanga ngati anaphwanya zonse nyimboyi inatchuka bwanji?

Gogo Galamafoni: Virgin ya Richard Branson ndi imene inawatola mu Meyi, nthawi imeneyo inali kampani yaing'ono, za ndege zinabwera pambuyo. Nakonso sizinayende mophweka, ogwira ntchito pa fakitale yodinda anayamba akana kaye mpaka kuwanyengerera, koma pa 27 Meyi 1977 singo inatuluka, nambala yake VS 181, ndi chikuto chotchuka chija cha Jamie Reid, nkhope ya Mfumukazi maso ndi pakamwa zitatsekedwa ndi zilembo zodula mu nyuzi ngati kalata ya achifwamba. BBC inakana kuiulutsa, mawailesi oyima paokha analetsedwanso, masitolo akuluakulu monga Woolworths, Boots ndi WH Smith anakana kugulitsa. Koma mmene ankailetsera ndi mmenenso anthu ankaithamangira. Sabata ya zikondwerero yeniyeniyo inafika pa nambala 2 pa tchati chimene BBC inkagwiritsa ntchito, pamwamba pali Rod Stewart, pamene pa tchati cha nyuzi ya NME inali nambala 1. Mpaka lero anthu ambiri amakhulupirira kuti panachitika chinyengo kuti dziko lisachite manyazi nyimbo yotere kukhala pamwamba sabata ya Mfumukazi, ndipo malo ena popachika mndandanda pa nambala 2 ankangosiya mzere wopanda kanthu.

Wa ku Joni: Kubera mavoti mpaka pa nyimbo, ndiye tinaphunzira kwa eni ake eti

Admin: A ku Joni chenjezo loyamba, ndale pagulu pano ayi.

Nachisale: Madala mwadumpha za boti

Gogo Galamafoni: Eya, pa 7 Juni, tsiku la holide ya zikondwererozo, anachita hayala boti pa mtsinje wa Thames nkumaimba akudutsa pa nyumba ya malamulo, poti pamtunda anawaletsa. Apolisi anawakakamiza kukocheza, McLaren ndi anzake angapo anamangidwa. Koma zotsatira zake sizinali zoseketsa ayi, mwezi womwewo Rotten anachekedwa ndi malezala ndi anthu okwiya panja pa bala ina ku London, Paul Cook nayenso anamenyedwa ndi chitsulo. Anali ana a zaka 20, 21, McLaren akuwerenga mitu ya nyuzi iwo akusokedwa mabala. Chimbale chawo chokhacho chinatuluka mu Okutobala chaka chomwecho nkufika nambala 1, muli nyimbo yonyoza EMI imene kumapeto kwake amatsanzikanso A&M mwachipongwe, Januwale 1978 bandi inatha ali ku San Francisco, Febuluwale 1979 Sid anamwalira ndi mankhwala ozunguza bongo ali ndi zaka 21.

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Mwaona nanga. Ndi zimene ndimanena.

Nachisale: Aphunzitsi atatu enawo ndi Matlock yemwe anakalamba bwinobwino, musatengere mmodzi. Chimene chimandiseketsa ine nchoti anadzakokerana ku khothi mu 2021, Jones ndi Cook mbali iyi Lydon mbali iyo, kulimbirana ngati nyimbo zawo zingaikidwe mu sewero la pa kanema, Lydon nkuluza. Anthu oukira dongosolo aja mapeto ake maloya ndi mawigi.

Wa ku Leeds: MADALA. KAMBALE KANGA.

Gogo Galamafoni: Pepa mwana wanga, ukalamba umatalikitsa nkhani. Tenga kambaleko pafupi ndi windo. Choyamba, kumbuyo kuli nyimbo yanji? Ka A&M kumbuyo ndi No Feeling, ka Virgin ndi Did You No Wrong. Nyimbo ya kutsogolo ndi yomweyomweyo, khutu silingakuuze kanthu. Chachiwiri chikuto, ka A&M sikanakhalepo ndi chithunzi cha Mfumukazi chija, chimenecho ncha Virgin, ukaona lebulo, kapepala ka pakati kaja, ya A&M mu chikuto cha chithunzi dziwa kuti wina wasakaniza.

Wa ku Leeds: Kumbuyo No Feeling!! Chikuto ndi pepala loyera chabe. Mtima ukugunda anthuni

DJ Kabaza: Aise ine ndinakukonda kuyambira kale, usandiiwale

Nachisale: Musathamange, opanga feki nawonso amadziwa kuwerenga. Komanso mu 2022 pa zikondwerero za zaka 70 Mfumukazi ili pampando anadindanso mwalamulo timbale 1,977 tofanizira ka A&M komweko ndi No Feeling kumbuyo, ndi ena 4,000 a mtundu wa Virgin, ndikukumbuka chifukwa mwana wa mnzanga kuntchito anadzuka usiku kukaoda pa intaneti. Ndipo sabata imeneyo inakhala nambala 1 pa tchati cha timbale togulidwa, patatha zaka 45.

Wa ku Joni: Ndiye kuti kampani ikugulitsa kopi ya chinthu chimene kampani inzake inaphwanya chifukwa cha manyazi, pa chikondwerero cha mayi yemweyo amene ankanyozedwa. Ndipo ndalama zikulowa. Azungu ndawagonjera.

Gogo Galamafoni: Ndi chifukwa chake pali mayeso ena awiri amene osonkhanitsa mbale amadalira. Yendetsa chala mozungulira lebulo, m'mphepete mwake. Korijino kali ndi mkombero wa timano ting'onoting'ono ngati m'mphepete mwa ndalama yachitsulo, ankapangira kuti timbale tikasanjikizana pa galamafoni tisamaterereke. Kenako tembenuza mbali ya No Feeling, pa malo osalala aja pakati pa pothera nyimbo ndi lebulo pamakhala manambala olembedwa mokanda, upendeketse pa kuwala. Pa korijino 7284 imaoneka kawiri, ina pamwamba pa inzake. Zonse ziwiri zikapezeka usauze munthu wina aliyense, upite nako kwa akatswiri a okushoni akakaone ndi maso awo chifukwa chithunzi cha pa foni sichokwanira.

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Ngakhale sindigwirizana ndi nyimboyo, ikapezeka yeniyeni chakhumi musaiwale achimwene.

DJ Kabaza: Aphunzitsi ndalama ya nyimbo yotukwana ikalowe mu mbale ya chopereka? kkkkkk

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Ndalama ilibe mawu.

Nachisale: Koma funso lina, tinene kuti nkenikeni, mdala anakugulitsani uja mukamuuza? Mwina ndi katundu wa malemu mchimwene wake akungochotsa m'nyumba osadziwa.

Wa ku Joni: Kumsika kulibe chibale achemwali, iye anatchula mtengo yekha, mnyamatayu mpaka ananenerera

Nachisale: Kunenerera komweko ndi kumene kukundipweteka, munthu wamudula mapaundi 5 pa chinthu cha 13,000

Gogo Galamafoni: Ine pa zaka zanga ndaona kuti anthu ogulitsa mbale m'misika yotere amadziwa katundu wawo kuposa ogula. Dzina la Sex Pistols ndi A&M pamodzi palibe mzungu wa msinkhu wanga wogulitsa timbale amene sangalidziwe. Akakuikira mapaundi 20 ndiye kuti waona kale.

Wa ku Leeds: Ndabwera. Ndayendetsa chala kasanu, mposalala ngati galasi, timano palibe olo kamodzi. Nambala ndaunika mpaka ndi tochi ya foni, 7284 ilipo kamodzi kokha, ndipo ndikayang'anitsitsa zilembo za pa lebulo zikuoneka zofufuma ngati za fotokope.

DJ Kabaza: Chibale chathu chija tiyambe tachiimika kaye aise

Gogo Galamafoni: Ndi feki mwana wanga, pepa. Koma usakataye, tina mwa timeneti timalira bwino ndithu, ukapeza galamafoni kayike umve gitala ya Steve Jones mmene imalowera, ine mpaka lero tsitsi limaima ngakhale latsala lochepa.

Nachisale: Achimwene ndili ndi hita ina sindikuigwiritsa ntchito, mukabwera ku Manchester Loweruka mudzatenge. Mubwere nako kambaleko, aneba anga ali ndi choimbira.

Wa ku Leeds: Zikomo achemwali, ndifika cha m'ma 2 koloko. Koma Lamulungu ndibwereranso kwa mdala uja, mu katoni muja munalinso ka Rod Stewart, ndikufuna andipatse kaulere.